Mmene mungabweretsere bwato la thanga mtauni kuti anthu ayambe kusamala mtsinje wa Lilongwe

Aliyense akamva kuti tinakweza bwato pa lole ku Senga Bay n'kubwera nalo mu Lilongwe muno funso limakhala limodzi, bwato mtauni lidzatani? Ndiye ndiyambe ndi kuyankha limenelo. Ife achinyamata a kutchalitchi kwathu tinayesapo kawiri konse kuitana anthu kuti tikatole zinyalala m'mbali mwa mtsinje, tinalengeza pa mapemphero, tinalemba pa gulupu ya WhatsApp, tinamata mapepala pachigayo, koma obwera anali omwewomwewo, eni akefe ndi amayi angapo a mvano basi. Tsiku lomwe tinaimika thanga pa bwato pafupi ndi msika ana anathamanga kuchokera kutali, m'mbuyo mwawo amayi awo, kenako akabaza kuimika njinga, ogulitsa kaunjika kusiya mabelo, aliyense kufuna kuligwira, ndipo ambiri mwa anawo kanali koyamba kuona bwato ndi maso. Bwatolo ndi nyambo. Zinyalala azitola ndi anthu ndithu, koma munthu wa mtauni kuti aime n'kumvetsera pamafunika chinthu chomwe sanachizolowere.

Komanso bwato limanena nkhani yomwe pakamwa pokha imavuta kufotokoza. Mtsinje wa Lilongwe umachokera ku mapiri a Dzalanyama kumalire ndi Mozambique, umadzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde komwe kumachokera madzi a m'mipopi yathu, loyamba linamangidwa mu 1966 lachiwiri mu 1989, ukatero umalowa mtauni, kudutsa pansi pa mlatho waukulu uja wa ku Old Town ndi timilatho tamitengo ta pa msika wa Tsoka, kulandira Lingadzi, n'kumapita mpaka kukathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amakathira m'nyanja ku Salima kufupi ndi zilumba za Maleri. Ndiye jumbo yomwe yatayidwa pa msika wa Lizulu mu Lilongwe muno ili pa ulendo wa kunyanja, kumene kumachokera usipa womwe tikugula pa Lizulu pomwepo. Munthu akaona msodzi weniweni ataima pambali pa bwato lake akunena kuti "pampasi yanu ndimaikola mu ukonde wanga", zimamulowa kusiyana ndi kumva kwa ine mwana wa pa Kawale.

Tsopano kapezedwe ka bwato. Musagule, bwerekani kapena chitani hayala, ndipo mutenge ndi mwini wake yemwe. Izi ndikunenetsa chifukwa bwato logoba ndi lovuta kulidziwa, kukamwa kwake n'kopapatiza, msodzi amakhala pamwamba pa milomo yake miyendo ili mkati, ndipo munthu wosazolowera amagubuduka nalo asanapalase olo kawiri. Pitani nokha ku Salima pa msewu wa M14, ndi ulendo wa maola awiri kapena kuposerapo pang'ono pa minibasi mpaka ku Senga Bay, mukafika musathamangire kwa msodzi woyamba kukumana naye, funsani a komiti ya pagombe, aja amati a BVC, ndi amfumu a pamenepo. Iwowo amadziwa yemwe ali ndi bwato lolimba komanso yemwe ndi wokhulupirika woti angachoke pakhomo masiku atatu. Mugwirizane poyera za ndalama ya masiku omwe sapita kukapha nsomba, chakudya chake, kogona, ndi zoti bwato likang'ambika panjira alipira ndani. Lembani papepala mboni zisayine. Bambo amene tinabwera nawo ife tinawagoneka kwa a mkulu wa mpingo ndipo mpaka lero timaimbirana foni.

Ngati mukufuna kuti thanga ligwiredi ntchito pamadzi anthu ali mkati, bola boti la matabwa, ndi lotakasuka ndipo silipendama msanga, koma ndi lolemera ndiye lifuna lole yokulirapo ndi anyamata ambiri olikweza. Ngati cholinga ndi kuonetsa ndi kupalasa pang'ono padziwe lodekha, bwato logoba ndi lokwanira ndipo ndi lomwe anthu amalikonda kwambiri. Pa lole yalani matayala akutha, bwato ligone pamenepo, mangani ndi zingwe malo atatu, mkati muthiremo madzi pang'ono ndi kufunditsa matumba onyowa pamwamba. Mtengo womwe wakhala m'madzi zaka ukauma mwadzidzidzi padzuwa la Okutobala umang'aluka, ndipo chimenecho ndi chuma cha banja la munthu.

Thanga mutha kusoka nokha ndipo ndikulimbikitsa kuti mutero, chifukwa ntchito yosokayo ndi imene imamanga gulu. Asodzi ambiri amasoka matanga awo ndi matumba a feteleza kapena a ufa, ndiye palibe chodula apa. Pezani matumba asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, achapeni bwinobwino, ang'ambeni m'mbali kuti atambasuke, muwalumikize ndi ulusi wa nayiloni uja wosokera matumba a chimanga, msoko uliwonse mubwereze kawiri. Mukapeza chinsalu chimodzi chachikulu chiduleni chikhale cha ngodya zitatu, m'mphepete monse pindani n'kulowetsamo chingwe kuti mphepo isachinyotsole. Telala wa pakhonde atha kukuthandizani m'mphepetemo koma mumuuze kuti agwiritse singano yaikulu. Mlongoti ukhale wa bulugama wowongoka koma wowonda, wamfupi, wotalika kuposa munthu pang'ono basi. Mbali yaitali ya thanga mumangirire ku nsungwi yaitali, nsungwiyo ndi imene imapachikidwa pa mlongoti mopendeka, mutu umodzi pansi kutsogolo kwa bwato wina m'mwamba kumbuyo, ndipo ngodya yotsalayo imakhala ndi chingwe chomwe woyendetsa amagwira m'manja. Chingwe chimenechi asachimange mfundo pa bwato ayi, mphepo ikawomba mwamphamvu amangochitaya thanga n'kufooka, bwato n'kukhazikika. Mukachimanga ndiye mwagubuduka.

Mtima umafuna thanga lalikulu kuti lioneke patali ndi kujambulika bwino, ndikudziwa, koma pa bwato logoba thanga lalikulu ndi ngozi. Ife tinasoka awiri, lalikulu loimika bwato likakhala pamtunda ndi laling'ono lapamadzi. Dziwaninso kuti bwato lotere limayenda ndi thanga pokhapokha mphepo ikuchokera kumbuyo kapena chakumbali pang'ono, kubwerera ndi nkhafi basi, ndiye nkhafi ziwiri zisasowe, ndi chigubu chodula chokapira madzi. Kamangidwe ka mlongoti mkati mwa bwato musiyireni mwini wake, musakhome msomali pa bwato la eni.

Mawu olemba pa thanga akhale ochepa, zilembo zikuluzikulu, Chichewa. Ife tinalemba kuti MADZI AWA AKUPITA KUNYANJA, mbali inayo n'kujambula chambo. Penti wa mafuta amagwira bwino pa thumba kusiyana ndi wamadzi, ingomupatsani masiku awiri aume. Musaikepo mtundu kapena chizindikiro cha chipani chilichonse, olo wina atalonjeza kulipira lole yonse, chifukwa tsiku lomwelo theka la anthu a m'dera lanu libwerera.

Pali nkhani ina yomwe ana a sekondale adzafunsa ndithu, yoti matanga amenewa anabwera bwanji pa nyanja yathu, ndipo ine ndimaona kuti tiziwauza zoona zake. Bwato logoba ndi la makolo athu kuyambira kalekale. Koma zombo zikuluzikulu za thanga la ngodya zitatu zinadza ndi amalonda a Chiswahili, monga Jumbe Salim bin Abdallah yemwe anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndipo zombozo zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita tsidya la kum'mawa kwa nyanja, komwe anthuwo ankayendetsedwa wapansi mpaka ku Kilwa. Ndi mbiri yowawa ndipo siyofunika kuibisa. Luso lokhoma zombozo linatsala m'manja mwa anthu a kunyanja, mpaka pano ku Likoma zikuyendabe kunyamula anthu, nkhuni ndi katundu kupita ndi kuchokera ku Mozambique popanda dontho la petulo. Mwana akamva zonsezi amaliyang'ana thangalo mwa mtundu wina.

Za nthawi, Seputembala ndi Okutobala ndiye miyezi yabwino. Madzi amakhala atatsika, zinyalala zonse zili poyera pamiyala ndi m'mabango, ndipo mukazichotsa nthawi imeneyi mwazipulumutsa ku mvula yoyamba yomwe imakokolola zonse ulendo wa ku Salima. Nthawi ya dzinja musayerekeze n'komwe kuika bwato mu Lilongwe kapena mu Lingadzi, mvula itha kugwa ku Dzalanyama kuno kuli dzuwa madzi n'kungofika mwadzidzidzi, a ku Mtandire akukumbuka zomwe Lingadzi anachita atasefukira mu 2017. Juni ndi Julayi kunyanja kumakhala mwera, ngati pulogalamu yanu ili ndi mbali yokayenda panyanja miyezi imeneyo ipeweni. Mukafuna tsiku loti akuluakulu a boma asavute kumvetsa, gwirizanitsani ndi Lachisanu lachiwiri la mwezi, tsiku loyeretsa lija lomwe a Chakwera anakhazikitsa mu Novembala 2020. Ife tinasankha Loweruka kuti ana a sukulu apezeke. Yambani 6 koloko m'mawa, ikamakwana 11 dzuwa la Okutobala silipatsa mpata.

Malo ndiye pofunika kuganiza mofatsa. Mtsinje wa Lilongwe mkati mwa tauni ndi wa miyala, nthawi yachilimwe malo ambiri bwato silingayandame, ndipo madzi ake ndi oipa moti simungafune munthu agweremo. Ndiye gawani zinthu pawiri. Tsiku lotola zinyalala bwato likhale pamtunda, pabwalo loonekera pafupi ndi mtsinje, litakhazikidwa pa matayala thanga lili m'mwamba, ana azikwera mmodzimmodzi kujambulitsa, msodzi azifotokoza. Kuliyendetsa pamadzi kukhale tsiku lina, padziwe lodekha kumtunda kwa tauni kapena padamu. Ngati mukuganiza za ku Malingunde, madamu aja ndi a Lilongwe Water Board ndipo ndi madzi akumwa a mzinda wonse, lembani kalata mwezi usanafike, fotokozani kuti bwato ndi lopanda injini, anthu okwera ndi angati, ndipo akakana musakwiye, ali ndi zifukwa zawo. Kulikonse komwe mwasankha funsani anthu a pamalopo za ng'ona ndi mvuu musanaviike phazi, iwowo ndi amene amadziwa.

Okwera pamadzi akhale mwini bwato ndi munthu mmodzi basi, wodziwa kusambira, onse atavala majekete oyandamitsa aja, mutha kubwereka ku malo ogona alendo a kunyanja pomwe mukukatenga bwato. Ana ayi, olo alire bwanji, olo kholo lipemphe. Woledzera ayi. Pamtunda pakhale anthu awiri ogwira chingwe chachitali omwe ntchito yawo ndi kuyang'ana bwato basi, osati foni.

Zilolezo musazidumphe. Yambani ndi amfumu kapena a buloko lida a dera lanu, mupite ndi munthu wamkulu, mukhale pansi mufotokoze bwinobwino, kenako khansala, kenako kalata ku khonsolo ya mzinda, ndi ina ku polisi ya kwanuko yowadziwitsa kuti padzakhala chikhamu cha anthu. Ngati ndi pafupi ndi msika, tcheyamani wa msika ndi munthu wofunika kuposa onsewa, akati ayi palibe wogulitsa adzasuntha. Ndipo m'dera mukagwa maliro imitsani zonse, sunthani tsiku, musaimike thanga anthu ali pa siwa. Nenaninso poyera kuyambira pachiyambi kuti palibe alawansi, pali madzi akumwa ndi thobwa basi, kuti wobwera abwere akudziwa.

Chinthu chomwe ife tinalakwitsa ndipo sindikufuna inu mubwereze ndi ichi, tinatola zinyalala tisanakonze kuti zichoka bwanji. Matumba anaunjikana m'mbali mwa msewu masiku anayi, agalu anang'amba, mphepo inamwaza majumbo, ena anabwerera mumtsinje momwemo, ndipo amayi ena ogulitsa tomato anandifunsa kuti "achimwene, ndiye mwatithandiza kapena mwatisunthira dzala pakhomo?" Anali ndi zoona ndipo zinandipweteka. Choncho musanalengeze tsiku, gwirizanani ndi a khonsolo za galimoto kapena chibini chachikulu chija, mudziwe dzina la yemwe adzabwere ndi ola lake, ndipo mukhale ndi njira yachiwiri, lole yomwe yabweretsa bwato itha kupanga ulendo umodzi wa kudzala la khonsolo ngati munagwirizana ndi dalaivala kale. Musatenthe mapulasitiki, utsi wake ndi poizoni ndipo anthu omwe mukuwaphunzitsawo adzatengera zomwezo.

Potola pakhale magolovesi olimba, magambutsi, mareki, mawilibala ndi matumba ambiri. M'mabango muja muli magalasi osweka, majekeseni, mapampasi, nyama zakufa, ndiye palibe kutola ndi manja ndipo ana aang'ono asatsikire kumadzi, iwo azitola pabwalo. Itanani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu abwere ndi kulorini, pakhale ndowa ya pampopi ndi sopo, aliyense asambe m'manja asanagwire chakudya. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Lilongwe inali pakati pa maboma okhudzidwa kwambiri, sitikufuna tsiku losamala mtsinje libweretse maliro. Amene walowa m'madzi akaona magazi mumkodzo patapita masabata apite kuchipatala, ndi likodzo limenelo ndipo mankhwala ake alipo. Zomwe mwatola zisankheni pomwepo, zitsulo pazokha ogula alipo, zowola pazokha zikapange manyowa, mabotolo a pulasitiki pawokha apite kwa omwe amawagaya. Chonde mabotolo a mumtsinje asapite kwa ogulitsa thobwa kapena madzi ozizira.

Mukamaliza musabise muluwo msanga. Unjikani matumba onse pambali pa bwato kwa ola limodzi, awerengeni mokweza anthu akumva, lembani nambala pa bolodi. Kenako tsegulani thumba limodzi pamaso pa onse muone chomwe chachuluka. Kwa ife anali majumbo opyapyala aja a buluu, omwe malamulo a 2015 analetsa, onse osakwana ma mayikironi 60 (muyeso wa kuchindikala kwa pulasitiki), ndipo khothi lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma taonani mmene adzadzira mumtsinje. Munthu akaona ndi maso ake jumbo yomwe anagulira mafuta a m'mawa sipafunikanso kulalikira.

Pa zolankhula, mpatseni msodzi nthawi yambiri kuposa wina aliyense, ndipo alendo olemekezeka muwapemphe mwaulemu kuti afupikitse. Bambo a bwato aja sanakonzekere mawu alionse, anangogogoda bwato lawo n'kunena kuti ili ndi la mtengo wa mango, pomwe la bambo awo linali la mbawa ndipo linakhala zaka zambirimbiri, koma lero mbawa waukulu woti n'kugoba bwato sapezekanso pafupi, ndiye amagoba mango womwe suchedwa kuwola. Pamenepo m'pamene ife tinalowetsa nkhani ya Dzalanyama, kuti thumba la makala lomwe timagula pa njinga m'mawa uliwonse ndi mtengo wa kumutu kwa mtsinje wathu, nkhalango yomwe zinafika poti asilikali a MDF anatumizidwa kukailondera mu 2015, ndipo mitengo ikatha dothi limatsikira m'damu, matope ake mpaka kunyanja komwe amakakwirira miyala yomwe nsomba za mbuna zimadyapo. Ine ndemwe ndimaphikira makala magetsi akazima, ndiye nkhaniyi ndimainena ngati wokhudzidwa, tonse tili momwemo.

Musanyoze anthu omwe amadya za mumtsinje. Amayi ochapa, anyamata okumba mchenga, oumba njerwa, a madimba olima mpaka m'mphepete, otsuka magalimoto, onsewa adzabwera kudzaona bwato ndipo mukayamba kuwaloza chala achoka osabweranso. Afunseni kuti chimawavuta n'chiyani. Mudzamva kuti pamsika chimbudzi n'cholipira ndipo chimatsekedwa madzulo, kuti bini ili kutali kapena inadzaza kalekale, kuti mayi wa mwana wakhanda alibe potaya pampasi pa nyumba ya lendi yopanda dzenje. Lembani zonsezo, zimenezo ndi zomwe mukapereke kwa khansala ndi ku khonsolo, ndi mayina a anthu omwe avomera kukhala mu komiti ya chigawo chimenecho cha mtsinje. Chigawocho chikhale chachifupi, kuchokera pa mlatho uwu kufika pa mlatho uwo, choti anthu khumi atha kuchiyendera mwezi uliwonse popanda bwato, popanda alendo.

Tsiku lomwelo lengezani tsiku lodzabzala mitengo, nyengo yake imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo koma bzalani koyambirira mvula ikadali yambiri. M'mbali mwa mtsinje muike mbawa, mkuyu, katope, nsungwi ndi udzu wa vetiva wogwira dothi, bulugama ayi amamwa madzi kwambiri. Mtengo uliwonse ukhale ndi mwini wake wouthirira ndi kuutchinga mbuzi, bola mitengo 50 yokhala ndi eni kusiyana ndi 1,000 yongojambulitsa. Thanga lalikulu lija lisungeni, muzilikweza pa nsungwi tsiku lililonse lomwe komiti ikugwira ntchito, anthu amalikumbuka ndipo akaliona amadziwa kuti lero kuli chiyani.

Pobweza bwato litsukeni bwinobwino mkati ndi kunja, chotsani udzu uliwonse, matope ndi tinkhono, makamaka ngati linayandama pamalo pomwe pali namasupuni, kachidutswa kamodzi kokha kamakamera kwina ndipo tinkhono tina ndi tomwe timafalitsa likodzo. Chimodzimodzinso pobwera nalo kuchokera kunyanja, litsukeni lisanalowe m'madzi a kuno. Liyang'aneni limodzi ndi mwini wake ngati pali mng'alu, ngati ulipo gulani phula mumate musanalikweze pa lole, ndipo awiri mwa inu aperekeze mpaka pagombe pomwe munalitenga, mukathokoze amfumu ndi a komiti, muwasiyire zithunzi zochapitsa ziwiri zitatu za tsikulo.